Orcasound, pomvera ma orca pompopompo: maganizo a wophika buledi wa ku Mabvuku

Anthu angapo kuno ku Mabvuku mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ena a ku tchalitchi ena makasitomala obwera kudzatenga buledi mbandakucha, akhala akundifunsa kuti kodi chimalira pa sipika yathu ku bekale usiku chija nchiyani, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndi webusaiti yotchedwa Orcasound. Ndi yaulere, palibe kulipira palibe kuika app, umangotsegula pa foni nkusankha malo nkudina, basi wayamba kumva zochitika pansi pa nyanja ku Washington, kumpoto chakumadzulo kwa America kufupi ndi malire a Canada, nthawi yomweyo zikuchitika. Ndineneretu kuti ine ndimaikonda kwambiri ndipo ndikufuna anthu ayese, koma si ya aliyense ayi. Ngati mukufuna kuti mukangodina nangumi ayambe kulira ngati pa YouTube, mutopa nayo tsiku loyamba lomwelo. Nthawi zambiri chimene umamva ndi madzi ndi ma injini a sitima. Ndipo kwa ine ubwino wake wagona pomwepo.

Mmene imagwirira ntchito ndi chonchi. Anaika ma maikolofoni a m'madzi m'malo angapo m'nyanja ya Salish Sea, ina kumadzulo kwa chilumba cha San Juan yoyang'ana mu Haro Strait, mpata wa nyanja wa pamalire a America ndi Canada, ina ku Port Townsend, ina ku Bush Point pa chilumba cha Whidbey, ina ku Sunset Bay, nde pa tsamba lake pali mapu, umadina malo amene ukufuna. Ukamva china chake pali batani loti unene kuti ndamva nangumi kapena ndamva boti, ndipo ma lipoti amenewa samangotayika, amathandiza anthu ofufuza kudziwa kumene nyamazi zili. Ukasiya imelo yako amakutumizira uthenga ma orca, mtundu wa anangumi umene ndifotokoze pansipa, akayamba kumveka. Amene amayendetsa zimenezi ndi asayansi pamodzi ndi anthu ongodzipereka, palibe amene akukugulitsa kanthu, ndipo ichi chokha masiku ano nchosowa.

Kwa amene simunaionepo nyamayi ngakhale pa TV, orca ndi nangumi wakuda kumsana woyera kumimba, wa chibanga choyera kuseli kwa diso. Ali m'banja la ma dolphin ndipo ndiye wamkulu kuposa onse m'banjamo, wamphongo amatalika mamita 8 nkulemera matani 6, chipsepse cha pamsana pake chimatha kufika mamita 1.8, kutalika kwa munthu wamkulu ataimirira. Si nsomba, amapuma mpweya ngati ife ndipo amayamwitsa ana. Mimba yake ndi ya miyezi 17, mwana pobadwa amakhala kale wopitirira mamita 2. Amapezeka m'nyanja zonse za padziko kuyambira ku Antarctica mpaka ku Norway, koma amene maikolofoni awa anaikidwira ndi kagulu kamodzi kakang'ono kotchedwa Southern Residents, mabanja atatu akuluakulu amene anawapatsa zilembo J, K ndi L.

Ife timayamba kukanda fulawa pakati pa usiku, nde nthawi imeneyo kumeneko kumakhala kuli masana kulowa madzulo, chifukwa iwo ali m'mbuyo mwathu ndi maola 9, kapena 10 nyengo yawo yozizira. Ndimalumikiza foni ku sipika nkuisiya pa shelefu kutali ndi uvuni. Maola ambiri kumangomveka phuuu wa madzi, timiyala tikugubuduzika, nthawi zina kanthu kakugunda maikolofoni. Kenaka kumabwera sitima. Eee, ine sindinkadziwa kuti sitima imasokosa chonchi pansi pa madzi. Imayamba kutali ngati kamphepo, nkumakula nkumakula mpaka sipika yonse ikungonjenjemera, gudugudugudu osalekeza, ndipo ikadutsa phokosolo silitha msanga, limatenga nthawi yaitali kuti lizilale, lisanathe nkomwe ina yayamba kale. Tima boti ting'onoting'ono timalira mokwera, mpaka umachepetsa voliyumu chifukwa makutu amapweteka. Haro Strait ndi njira ya sitima zikuluzikulu zopita ku doko la Vancouver, ma kontena, malasha, mafuta, zonse zimadutsa pomwepo, ndipo kuyambira mu May 2024 pamene paipi ya mafuta ya Trans Mountain inakulitsidwa, sitima zonyamula mafuta zinachulukirachulukira.

Tsono ma orca akabwera, abale, umadziwa ndithu palibe kufunsa. Poyamba kumamveka timawu ta tik tik tik tambirimbiri, nthawi zina pang'onopang'ono nthawi zina mofulumira mpaka kumangoti trrrrr, ameneyo ndiye kuti akusaka. Pansi pa nyanja maso sagwira ntchito patali, nde iwo amatulutsa timawu timeneti kudzera pamphumi, mawuwo akagunda nsomba amabwerera, nkuwamva kudzera m'nsagwada ya m'munsi, ndipo amatha kudziwa kuti nsombayo ili kuti, ndi yaikulu bwanji, ngakhale mtundu wake. Akamayandikira nsombayo tik tik uja amafulumira. Ndiye pali malikhweru, ndi kulira kwina kokweza kobwerezabwereza komwe amaitanirana. Usiku umene ndinawamva bwinobwino koyamba anali a banja la J akudutsa ku San Juan, kulira kwawo kunkabwera kuchokera uku wina nkuyankha uko, ena patali ena pafupi penipeni ndi maikolofoni, ndinasiya kukanda manja ali mu mtanda nkungoima. Mnyamata wotithandiza kunyamula ma thileyi anazimitsa fani kuti timve bwino. Palibe anayankhula mpaka anapita.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri nditayamba kuwerenga pa tsamba lawo lophunzitsa nchakuti banja lililonse lili ndi kayankhulidwe kake. Wasayansi wa ku Canada John Ford ndi amene anayamba kusanja kulira kumeneku zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nkupeza kuti gulu lililonse lili ndi mawu ake ake amene mwana amaphunzira kwa mayi ake, sabadwa nawo. A J amakonda kulira kumene anakupatsa nambala S1, a K amakonda S16 komwe kumamveka ngati kamwana ka mphaka, a L amakonda S19 monga likhweru lokwera. Pa Orcasound anaikapo zitsanzo zoti uzimvera nkuzolowera, ndipo ukalimbikira umayamba kusiyanitsa wekha. Ine S16 ndiye ndimaizindikira msanga, S1 ndimaigwiranso akakhala pafupi. Gawo limeneli ndi limene ndingalipatse ma maraki onse, chifukwa limakusandutsa munthu wongomvera phokoso kukhala munthu wodziwa kuti akudutsawa ndi ndani.

Tili ndi mayi ena achikulire amene amabwera cha m'ma 3 koloko kudzapanga mabanzi, kwawo ndi ku Dedza koma anabwera kuno ali mtsikana. Tsiku lina ndinkawafotokozera kuti banja la ma orca awa limatsogoleredwa ndi agogo aakazi, ndipo mwana kaya wamkazi kaya wamwamuna sachoka kwa mayi ake moyo wake wonse, wamphongo amangopita kukakwera kubanja lina magulu akakumana nkubwereranso kwa mayi ake, nde ana amakula ndi mayi awo, agogo awo ndi amalume awo, bambo sakhala nawo. Anaika pansi mpeni wodulira mtanda nkuti, "Iwe mwanangu, nde ukunena mbumbatu apa. Mwana ndi wa kwa mayi, amalume alipo, agogo ndiwo adziwa kumene kuli chakudya." Ndinati, "Eya amayi, ndi momwemo." Kuyambira pamenepo akafika funso loyamba ndi loti kodi mbumba ija yadutsa lero.

Ndipo za agogozo si nthano. Ma orca ndi imodzi mwa nyama zochepa kwambiri, pamodzi ndi anthu ndi anangumi ena angapo, zimene zazikazi zimasiya kubereka nkukhalabe ndi moyo zaka zambiri. Wamkazi amasiya kubereka ali ndi zaka za m'ma 40 koma amatha kufika 80, pamene amphongo ambiri amafa ali ndi zaka za m'ma 30. Kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti akazi okalambawa ndi amene amasambira patsogolo gulu likamasaka, makamaka zaka za njala nsomba zikasowa, chifukwa ndi amene amakumbukira malo ndi nyengo. Wina wa mu 2019 anapeza kuti agogo akamwalira zidzukulu zimakhala pa chiopsezo chachikulu choti nazonso zifa m'zaka zotsatira. Ndipo chimphongo cha matani 6 chija chimadalirabe mayi ake, mayi akagwira nsomba amailuma pakati nkumusiyira theka, moti mayi akafa mwana wamwamuna wamkulu kale nthawi zambiri sakhalitsa. Ndikamva kuitanirana kuja usiku ndimadziwa kuti ena mwa mawuwo ndi a nkhalamba imene inadutsa pamalo omwewo ine ndisanabadwe.

Tsono vuto ndi ili, atsala ochepa. Bungwe la Center for Whale Research lomwe anayambitsa malemu Ken Balcomb lakhala likuwerenga ma orca amenewa chaka ndi chaka kuyambira 1976, mmodzimmodzi, powazindikira ndi maonekedwe a chipsepse ndi chibanga chotuwa cha kuseli kwa chipsepsecho, njira imene anayamba nayo wasayansi Michael Bigg ku Canada. Aliyense ali ndi nambala ndi dzina, amadziwa mayi ake ndi agogo ake. Mu 1995 analipo 98. Kalembera wa mu July 2024 anapeza 73. Boma la America linawaika pa mndandanda wa nyama zoti zikhoza kutheratu mu 2005, koma kuyambira nthawi imeneyo chiwerengero sichinakwere. Anthu 73 ndi ochepa kuposa amene amabwera pa maliro amodzi kuno, nde mtundu wonse ndi chiyankhulo chake ndi omwewo basi.

Chiyambi cha kuchepaku ndi anthu. Zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankawagwira kukawaika m'madamu osangalatsa anthu. Mu August 1970 ku Penn Cove, pa chilumba cha Whidbey chomwe chija pali maikolofoni ya Bush Point, anazinga ma orca pafupifupi 80 ndi maukonde, ma boti ndi mabomba owaopseza, nkutenga ana 7, ena anafera mu ukonde momwemo. Mmodzi mwa otengedwawo anali Tokitae, amene ambiri ankamudziwa kuti Lolita, anakhala m'kadamu kakang'ono ku Miami zaka 53 mpaka anafa mu August 2023, akukonza zoti amubwezere kwawo. Akuti zaka zonsezo ankalirabe kulira kwa banja la L. Kugwiraku kunaletsedwa ku Washington mu 1976 koma m'badwo wonse wa ana unali utapita kale, ndipo gulu likachepa chonchi limayamba kuberekana pachibale, zimene zikuwafooketsanso panopa.

Lero zowapha ndi zitatu ndipo zimagwirizana. Choyamba njala. Ma orca amenewa amadya nsomba basi, makamaka salmon ya mtundu wa Chinook, yaikulu ndi yamafuta kwambiri, imene imabadwira mu mtsinje, kukakulira m'nyanja, nkubwereranso ku mtsinje womwewo kukaikira mazira. Mitsinje yake inatsekedwa ndi madamu a magetsi, ina inawonongeka ndi kudula mitengo ndi kutentha kwa madzi, usodzi nawo unachuluka, nde Chinook anachepa ndipo otsalawo ndi ang'onoang'ono kusiyana ndi kale. Madamu a pa mtsinje wa Elwha anawagumula pakati pa 2011 ndi 2014, a pa Klamath anamaliza mu 2024, nsomba zinayamba kubwerera, koma madamu 4 a kumunsi kwa mtsinje wa Snake akadali nkhani yokangana mpaka pano. Chachiwiri ndi poizoni, mankhwala a m'mafakitale ngati PCB amene America inaletsa mu 1979 koma akadali m'nyanja, amaunjikana m'mafuta a thupi la nyamazi, nde ikakhala ndi njala nkuyamba kusungunula mafuta ake poizoniyo amalowa m'magazi, ndipo mayi amapatsira mwana kudzera mu mkaka, woyamba kubadwa ndiye amalandira wambiri. Ofufuza a ku University of Washington ankayenda pa boti ndi galu wophunzitsidwa kununkhiza ndowe za ma orca pamadzi, nkumaziyeza, ndipo anapeza kuti pafupifupi mimba 2 pa 3 zilizonse pakati pa 2008 ndi 2014 zinapita padera, makamaka chifukwa cha njala.

Chachitatu ndi phokoso lija, ndipo apa ndi pamene ndikuti Orcasound imachita chinthu chimene palibe vidiyo ingachite. Ukawerenga kuti phokoso la sitima limasokoneza anangumi umangoti ooh chabwino nkupitirira. Koma ukamva wekha tik tik tik wa nyama ikusaka, ukutsatira, kenaka sitima nkulowa nkukwirira zonse mpaka sukumvanso kalikonse, umamvetsa ndi thupi lako lomwe. Mawu m'madzi amathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, kupitirira kanayi mmene amathamangira mu mpweya, ndipo amafika kutali, nde sitima imene sukuiona nkomwe ikhoza kutseka makutu a nyama imene imaona ndi makutu. Nsomba ndi zochepa kale, nde pa zochepazo akulepheranso kuzipeza. Ofufuza anapeza kuti phokoso likakwera ma orca amakweza mawu poitanirana, ndipo ma boti akayandikira aakazi amasiya kusaka. Usiku wina ndinamva zimenezi zikuchitika, kulira kukukwera kukukwera pamwamba pa injini, ndinakwiya kwambiri ngakhale ndili kutali chonchi, dziko lopanda nyanja nkomwe.

Pali zimene akuyesa. Doko la Vancouver lili ndi ndondomeko yotchedwa ECHO, kuyambira 2017 amapempha sitima kuti zizichepetsa liwiro mu Haro Strait nyengo imene ma orca alipo, chifukwa sitima ikayenda pang'onopang'ono phokoso limatsika, ndipo zambiri zimamvera ngakhale sakukakamizidwa. Ku Washington kuyambira pa 1 January 2025 lamulo likuti boti lisayandikire ma Southern Resident kuposa ma yadi 1,000, pafupifupi mamita 900. Ndi zabwino, ine ndikuziyamikira, koma maganizo anga ndi oti popanda nsomba zonsezi sizikwanira. Nyama yanjala ngakhale muisiye pa bata imafabe.

Ambiri a inu munamvapo za mayi uja wotchedwa Tahlequah, nambala yake J35, amene mu 2018 mwana wake atafa atangobadwa anamunyamula pamphumi masiku 17, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,600, mwana akamira iye nkumutsatira pansi kukamutenganso. Kumayambiriro kwa 2025 anachitanso chimodzimodzi ndi mwana wina wamkazi amene anafa. Iyeyu ndi wa banja la J, lomwe limamveka kawirikawiri pa maikolofoni awa kuposa ena onse. Nde ukamva S1 usiku nkutheka kuti iye ali m'gulumo. Nditawauza amayi a mabanzi aja nkhani imeneyi anangoti, "Mwanangu, chisoni cha nakubala nchimodzi," nkupitiriza kuumba.

Koma si zachisoni zokhazokha. Nyamazi zili ndi timiyambo tawo todabwitsa, mu 1987 wamkazi wina anayamba kuyenda atasenza nsomba yakufa pamutu, ena nkutengera, patapita kanthawi fashoniyo inatha. Mu 2025 ofufuza ojambula ndi ma drone anatulutsa lipoti loti amadula kachidutswa ka chomera cha m'nyanja chotchedwa kelp nkumakapukusa pakati pa matupi a awiri ngati akukhulana. Zimenezi pa maikolofoni sungazione, koma ukazidziwa kumvera kumakoma.

Chinanso choti mudziwe kuti musakhumudwe. M'madzi omwewo muli ma orca a mtundu wina otchedwa Bigg's, amene sadya nsomba koma nyama zoyamwitsa za m'nyanja ngati ma seal ndi ma porpoise. Awa akuchuluka chaka ndi chaka chifukwa chakudya chawo chilipo, ndipo sasakanikirana ndi odya nsomba aja, sakwatirana, sayankhulana, akakumana amapatukirana. Koma awa posaka amakhala chete, chifukwa seal imamva bwino m'madzi, nde akhoza kudutsa pamphuno pa maikolofoni iwe osamva kanthu, amayamba kusokosa akapha basi. Nde zii si umboni woti kulibe kanthu. Nthawi zina kumamvekanso anangumi a mtundu wa humpback, mawu awo ndi okuya, osiyana kwambiri.

Achimwene ena amene amayendetsa thiraki ya ku Cape Town anandifunsa kuti nanga bwanji kumvera za ku America pamene ku South Africa konkuno ma orca aliko. Zoona aliko, ndipo awiri ndi otchuka kwambiri, Port ndi Starboard, amphongo a zipsepse zopindika wina kumanzere wina kumanja, amene anayamba kupha ma shaki ku False Bay cha mu 2015 kenaka ku Gansbaai mu 2017 anayamba kupha ma shaki oyera akuluakulu aja, kung'amba pamimba nkudya chiwindi chokha chifukwa ndi chamafuta. Mu 2023 Starboard anaonedwa ku Mossel Bay akupha shaki woyera ali yekha pasanathe mphindi 2. Ndinawayankha kuti achimwene, mukakhala ndi mwayi wowaona kumeneko muwaone ndithu, koma amenewo sadziwika tsiku lobwera, ndipo ambirife ndalama ya basi ndi boti tilibe. Pano ukungofunika foni ndi bundle. Komanso nkhani ya awiriwa ikuonetsa chomwe chija, gulu lililonse limadya chimene linaphunzira, ena shaki, ena seal, a ku Argentina ku Punta Norte amadziponya pamchenga kukagwira ana a sea lion, nyama yofanana ndi seal, nde simunganene kuti a ku Washington aja angosintha ayambe kudya zina. Mwana amadya chimene mayi ake anamuphunzitsa, ngakhale ma seal akudutsa pafupi iye ali ndi njala.

Tsono za ndalama ndi zida, poti ndi zimene ambiri mukufuna kumva. Poti ndi mawu okha opanda zithunzi, sidya data ngati vidiyo, koma ukaisiya usiku wonse tsiku ndi tsiku bundle imatsika ndithu, nde ife timadalira bundle ya usiku kapena wifi ya abwana. Nzeru yabwino kwa amene data ndi yovuta ndi kulembetsa uthenga wa pa imelo uja nkumatsegula pokhapokha akakuuzani kuti akumveka, kungoti nthawi zambiri uthengawo umafika kuno tili mtulo chifukwa cha kusiyana kwa maola, nde amene timagwira ntchito usiku, alonda, anamwino, ophika, oyendetsa ma thiraki, ndife amwayi. Sipika ya foni payokha siikwanira, mawu apansi samveka ndipo tik tik uja amasowa, pezani ma earphone kapena kasipika ka Bluetooth, ngakhale totchipa ta m'tauni timathandiza. Chenjerani ndi voliyumu ngati mwavala ma earphone, boti likhoza kutulukira mwadzidzidzi. Magetsi akathima power bank imakwanira usiku wonse chifukwa sikirini ukhoza kuithimitsa. Malo amodzi akakhala zii kapena mafunde akachuluka, sinthani mupite pa ena, zida zili pansi pa nyanja ya mchere ndi mphepo, si zapafupi kuzisamala. Zolemba zonse ndi za Chingerezi, nde agogo kapena ana ang'ono amafuna wowatsegulira ndi kuwafotokozera, koma kumvera kwenikweniko sikufuna chiyankhulo.

Ngati mtima wanu ukufuna kuona ndi maso, pali ina ya OrcaLab ku Canada, pa chilumba cha Hanson, imene anayambitsa Paul Spong mu 1970, makamera ake amaonetsedwa pa explore.org, kumeneko ndi kwa gulu la kumpoto, Northern Residents, limene lili ndi mwambo wodzikhula pa timiyala tosalala ta m'mphepete mwa nyanja. Ndi yokongola, ndimaitsegula ndikakhala pa wifi, koma ndi vidiyo nde bundle imapita ngati madzi, komanso ntchito yanga imafuna maso pa uvuni. Kwa ine Orcasound ndi imene imagwirizana ndi moyo wa munthu wogwira ntchito ndi manja.

Aphunzitsi a kuno ku Mabvuku ndi Tafara, makamaka a ma extra lesson, ndikukupemphani muiyese ndi ana. Pa tsambalo pali zojambulidwa kale za masiku amene ma orca anamveka bwino, nde simufunika kudikira, mukhoza kuwamvetsera S1, S16 ndi S19 nkuwafunsa kuti anene banja lake, kenaka muwamvetsere sitima. Mphwanga wa giredi 6 anagwira kusiyana kwake msanga kuposa ine, ndipo funso lake loyamba linali loti nanga sitimazo sangazipangire injini zosasokosa, limene ndi funso lomwe akatswiri akulimbana nalo panopa.

Za nyengo yabwino yomvera, kale ankakhala ku San Juan kuyambira May mpaka September pafupifupi tsiku lililonse podikira Chinook wopita ku mtsinje wa Fraser, koma zaka zino amabwera mwa apo ndi apo, nthawi zina milungu yambiri osaoneka, chifukwa nsomba kulibe nde amakasaka kunja ku nyanja yaikulu. Kuyambira October mpaka December amalowa mu Puget Sound, mbali ya kumwera ya Salish Sea, kutsatira salmon ya mtundu wina yotchedwa chum, nde nthawi imeneyo yotentha kulowa m'dzinja kwathu kuno, muzitsegula Port Townsend, Bush Point ndi Sunset Bay. Akamalowa amayamba kumveka ku Port Townsend, ndiye mukawamva kumeneko sinthani mupite pa Bush Point, mukhala mwawadikirira kutsogolo.